Wansembe akadwala, gadiyani wake ndani?

Aliyense amene anagonekapo m'bale wake pa chipatala cha Queen Elizabeth, chimene akuluakulu amachitchabe Gulupu, amadziwa kuti munthu sachira ndi mankhwala okha. Pamafunika gadiyani. Iyeyo ndiye amaphika phala m'mamawa, kuchapa zofunda, kuthamangira namwino usiku wodwala akayamba kubanika, kenaka n'kuyala chitenje pansi kuti atsinzineko pang'ono. Ku Chilobwe kuno zimenezi sitichita kuphunzitsana. Bambo akagonekedwa, mayi amamanga kamtolo ka mapoto ndi ufa n'kukwera minibasi. Mayi akagonekedwa, amapita ndi mchemwali wawo kapena mwana wamkazi wamkulu. Ngakhale mlendo wochita lendi amene kwawo n'kutali, anzake a pa mpanda amasinthana mpaka abale atafika.

Nanga wansembe? Munthu amene sanakwatire, alibe ana, ndipo abale ake anamupereka ku mpingo akuimba ndi kululutira, iyeyo akagwa m'matenda amamudikirira ndani? Funso limeneli sindinalimvepo pa msonkhano uliwonse wa mpingo, mpaka chaka chimene bambo mfumu a parishi yathu anadwala.

Tinamva pa nthawi ya zolengeza, Misa ili pafupi kutha. Wapampando wa khonsolo ya parishi anangoti, "Akhristu anzanga, bambo mfumu sakupeza bwino m'thupi. Madokotala awalamula kuti apume kwa miyezi ingapo, ndipo akuluakulu a mpingo avomereza. Tiziwakumbukira m'mapemphero." Mawu anali omwewo basi. Koma pofika madzulo, nkhani inali itabala ana. Pamsika wina ankati ndi shuga, wina ankati afa ziwalo mbali imodzi. M'magulu a WhatsApp munalowa zakuti sakudwala ayi, angowachotsa mwaulemu chifukwa cha ndalama. Panalinso onong'ona zamatsenga, ndi ena amene ankangogwedeza mutu m'njira yoti womva adzimalizire yekha.

Zimenezi zinandipweteka, ndipo zimandipwetekabe. Munthu wamba akadwala timafunsa kuti, "Adzuka bwanji?" Wansembe akadwala timafunsa kuti, "Walakwa chiyani?" Ngati kuti mkanjo umatchinga malungo, kapena kuti mafuta amene anadzozedwa m'manja amaletsa impso kufooka. Ena amati cholakwika n'chakuti akuluakulu sananene dzina la matenda, n'chifukwa chake mabodza anapeza mpata. Pamenepo pali zoona pang'ono. Papa Francis atagonekedwa pa chipatala cha Gemelli ku Rome, kuyambira pa 14 Febuluwale mpaka pa 23 Malichi 2025, dziko lonse linkauzidwa m'mene akupezera, ndipo izi zinathandiza anthu kupemphera zenizeni m'malo mopeka. Komabe matenda ndi a mwini wake. Ameneyu ndi munthu amene wasunga zinsinsi za parishi yonse m'malo olapira, osatulutsa ngakhale chimodzi. Ngati iye wasankha kusunga chake chimodzi, ife tinayenera kumulemekeza.

Mpingo wa Katolika uli ndi dongosolo lake pa nthawi ngati imeneyi. M'buku la malamulo a mpingo la mu 1983, lamulo 539 limanena kuti bambo mfumu akalephera kugwira ntchito chifukwa cha matenda, episkopi asankhe wansembe wina woti ayendetse parishi mongogwirizira. Lamulo lotsatira limamuletsa wogwirizirayo kuchita chilichonse chimene chingaphwanye ufulu wa mwini udindo. Papepala n'zomveka bwino. Koma wansembe wogwirizirayo sachokera kumwamba. Amachotsedwa pa ntchito ina, kapena amasenza ziwiri nthawi imodzi. Athu anali otero: anali ndi udindo wawo kale kwina, ndipo ankafika kwathu akuthamanga, n'kuchokanso akuthamanga. Malamulo omwewo salola wansembe kungochulukitsa Misa m'mene angafunire. Kumene ansembe ndi ochepa, episkopi angalole Misa ziwiri pa tsiku wamba, ndi zitatu Lamulungu. Choncho zinthu zinayamba kufupika. Misa za m'mawa za m'kati mwa sabata zinachepa. Matchalitchi a m'nthambi, amene ankadikira kale nthawi yaitali kuti aone wansembe, anabwerera ku mapemphero otsogoleredwa ndi akatekisiti.

Chimene sindinkachiyembekezera n'chakuti zinthu zing'onozing'ono ndi zimene zinaima msanga. Mnyamata wofuna kukakwatira ku parishi ina ankadikira kalata yotsimikiza ubatizo wake. Amisiri amene ankakonza denga anasiya ntchito chifukwa cheke chinkafuna siginecha ya bambo mfumu. Makwaya awiri anakangana za tsiku loimba, ndipo onse anati adikira bambo mfumu adzagamule. Kiyi wa chipinda china anasowa, popeza ankadziwa pamene amakhala ndi iwo okha. Apa ndi pamene ndinaona kukula kwa katundu amene tinawasenzetsa. Kodi mkangano wa makwaya umafuna munthu wodzozedwa? Kodi kiyi amafuna zaka za maphunziro a ku Kachebere ndi ku St Peter's ku Zomba? Parishi yathu ili ndi aphunzitsi, anamwino, owerengera ndalama m'makampani a ku Limbe ndi ku Ginnery Corner, anthu oyendetsa mabanja ndi mabizinesi awo bwinobwino. Koma akalowa pa geti ya tchalitchi amasanduka ana odikira kuuzidwa. Ndipo tisabise, ansembe ena nawo amakonda kuti zikhale choncho, chifukwa kugawa ntchito n'kugawanso mphamvu.

Kumene moyo wa mpingo sunagwedezeke ndi m'malimana. Magulu ang'onoang'ono a akhristu amenewa, omwe ku Lilongwe amati miphakati, sanabwere mwangozi. Maepiskopi a kum'mawa kwa Africa, m'bungwe lawo la AMECEA, anakambirana za magulu ang'onoang'ono a akhristu ku Nairobi mu 1973, ndipo mu 1976 anagwirizana kuti imeneyi ndiyo ikhale njira yaikulu yoyendetsera mpingo m'maiko athu. Kuno kwathu Ambuye Patrick Kalilombe, ali episkopi wa Lilongwe, anali ataiyamba kale ntchitoyi kudzera mu sinodi ya dayosizi yawo ya pakati pa 1973 ndi 1975. Cholinga chinali chakuti mpingo ukhale pamene anthu akukhala, uzidziyendetsa, uzidzifalitsa, uzidzidalira. Zaka makumi asanu zapitapo, ndipo chipatso chake ndinachiona m'miyezi imene ija. Limana lathu silinaphonye kukumana. Mawu a Mulungu ankawerengedwa pakhonde la nyumba ya lendi, ana a tilitonse ankaphunzira, maliro ankayenda mwadongosolo, akatekisiti akutsogolera mwambo mpaka kumanda. Amayi a Chikatolika ndi a Lejio ya Maria ankayendera odwala monga mwa masiku onse, mwinanso kuposa.

Ife a ku Chilobwe tinali titaiona kale mphamvu imeneyi. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, m'kati mwa nyengo ya Lenti, anthu anathawira pa sukulu ya Naotcha ndi malo ena. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Amene ankadziwa kuti m'nyumba yakutiyakuti munkagona anthu angati, ndani wapezeka, ndani sanaoneke, anali anthu a m'malimana ndi anzawo a mipingo ina ndi a ku mizikiti. Palibe amene anadikira chilolezo kuti akafukule mnzake. Koma ndimakumbukiranso nkhope za ansembe ndi abusa m'masiku amenewo, akuchoka pa maliro ena kupita pa ena, akumvetsera kulira kwa amayi amene ana awo sanapezeke. Ife tinkatula zathu kwa iwo. Sindikudziwa kuti iwo ankakatula kwa yani akabwerera kunyumba usiku.

Ndisanamize munthu kuti malimana anakwanitsa zonse. Pali zinthu zimene mkhristu wamba sangachite ngakhale atakhala wodzipereka chotani. Sangapereke nsembe ya Misa, sangakhululukire machimo m'sakramenti la kulapa, sangadzoze odwala. Apa ndi pamene kusowa kwa bambo mfumu kunaluma zenizeni.

M'limana lathu munali gogo wina amene anakhala mu Lejio kuyambira ali mtsikana. Iwo ndi amene anaitanira ansembe kwa odwala ambiri a m'dera lathu, nthawi zina kuwaperekeza usiku m'tinjira ta m'phiri m'mene galimoto silingafike. Matenda awo atakula, mwana wawo wamkazi anaimbira foni wansembe wogwirizira uja. Anali pa maliro kutali, ndipo analonjeza kuti afika mawa lake m'mawa. Madzulo amenewo mtumiki wa Ukaristia anabwera ndi Mgonero, ife tinapemphera kolona, gogo akutsatira ndi milomo yokha. Anatisiya m'bandakucha. Wansembe anafikadi monga analonjezera, koma anapeza amayi ayamba kale kulira.

Mwana wawo uja anandigwira dzanja pa siwa n'kunena kuti, "Achimwene, mayi anga anaitanira anthu onse aja wansembe. Iwo apita osadzozedwa?" Ndinalibe yankho lomukwanira. Ndikudziwa chimene mpingo umaphunzitsa, kuti Mulungu anatipatsa masakramenti koma chifundo chake sichinamangidwe ndi masakramentiwo, ndipo ndimakhulupirira ndi mtima wonse kuti gogo aja analandiridwa bwino. Koma chiphunzitso cholondola sichichotsa ululu wa mwana amene ankafuna kuona mafuta pa chipumi cha mayi ake. Sindiimba mlandu wansembe wogwirizira, pakuti munthu sangakhale malo awiri. Sindiimbanso mlandu bambo mfumu chifukwa chodwala. Chimene chimandivuta n'chakuti pa zaka zonse zimene anali bwino, nthawi yawo yambiri tinaidya ndi zinthu zimene tikanatha kuchita tokha, ndipo mphamvu zimene zikanasungidwira ntchito zitatu zija zinathera ku makiyi ndi macheke.

Taganizirani tsiku la wansembe wa m'tauni. Misa ya m'mawa isanayambe, pakhomo pali kale anthu. Wina akufuna fizi ya mwana, wina wathamangitsidwa m'nyumba ya lendi, wina banja lavuta, wina akufuna kalata yokafunsira ntchito. Masana maliro, madzulo msonkhano wa bungwe, usiku foni yoitanira kuchipatala. Lolemba, limene ansembe ambiri amapumula, ifenso ndi limene timati, "Lero ndiye tiwapeza ali okha." Malamulo a mpingo amapatsa bambo mfumu mwezi umodzi wa tchuthi pa chaka, koma akautenga wonse timayamba kudandaula kuti amakonda kuyenda. Pa chikondwerero chilichonse timawaikira mbale yodzaza nyama yonona ndi zakumwa zotsekemera, ndipo akakana timakhumudwa, osaganiza kuti limana lililonse likuchita chimodzimodzi sabata ndi sabata. Shuga ndi BP sizifunsa kuti munthu ndi wodzozedwa. Palinso matenda ena amene sitifuna n'komwe kuwatchula: kutopa kwa mumtima, kusungulumwa kwa munthu amene amakhala pakati pa khamu koma alibe womuuza zakukhosi, ndi mowa umene ena amathawirako. Wansembe wotere timamunena kumbali mpaka atagweratu, pamene akanathandizidwa msanga. Mkulu wina wa m'limana lathu, pomva za kudwala kwa bambo mfumu, anangoti ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Bambo athu sankadziwa kukana, ndipo ife tinkawayamikira chifukwa cha chomwecho.

Kenaka pali nkhani ya ndalama, imene timaizemba. Amishonale a chipani cha Montfort, amene anafika ku Nzama m'boma la Ntcheu mu 1901 n'kufalitsa mpingo kuno kummwera, anali ndi kwawo kowasamala. Ambiri oyambirira anavutika ndi malungo, ena anagona konkuno, koma m'zaka za pambuyo pake wodwala kapena wokalamba ankatha kubwerera ku Ulaya, chipani chake n'kumusunga. Makolo athu anazolowera kuti wansembe ndi wopereka, wobwera ndi mankhwala ndi zovala, osati wofuna thandizo. Kuyambira pamene Cornelius Chitsulo anadzozedwa mu 1937 kukhala wansembe woyamba wa dziko lino, mpingo wakhala ukusanduka wathu, koma maganizo aja sanasinthe msanga. Wansembe wa dayosizi lero ndi mwana wa m'mudzi wa ku Thyolo, ku Mulanje kapena ku Chiradzulu. Alibe Ulaya wobwererako. Lamulo 281 limati ansembe ayenera kusamalidwa akadwala, akalumala kapena akakalamba, ndipo udindo umenewo uli pa dayosizi. Koma thumba la dayosizi ndi chopereka chathu chomwechi. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti Akatolika ndi 17 mwa anthu 100 alionse m'Malawi, kutanthauza anthu pafupifupi 3 miliyoni. Anthu ochuluka chotero sayenera kuchita kudzidzimuka ndi bilu ya chipatala ya wansembe wawo.

Mpingo uli ndi zipatala zake, monga Mlambe ku Lunzu ndi St Joseph ku Nguludi, ndipo zimathandiza kwambiri. Koma matenda ena amafuna madokotala ndi makina amene kuno ndi ochepa, ndipo odwala amatumizidwa ku South Africa kapena ku India. Ambuye Tarcisius Ziyaye, amene anatsogolera Arkidayosizi ya Blantyre kuyambira 2001 mpaka 2013 asanapite ku Lilongwe, anamwalira pa 14 Disembala 2020 ku Namibia kumene ankalandira chithandizo. Ngati mkulu wa mpingo anafika pokafuna thandizo kutali chotero, wansembe wa parishi ya m'phiri angadalire chiyani? Kwathu tinachita chopereka chapadera, ndipo anthu anapereka mokhudza mtima. Amayi ogulitsa tomato ndi makala anatulutsa timapepala topindidwa m'nsonga ya chitenje. Koma chopereka cha mwadzidzidzi chimabwera munthu atagona kale. Ndalama yochepa ikanakwanira kuti bambo azikapimidwa magazi ndi mtima chaka ndi chaka matenda asanakule.

Achikulire amakumbukira Papa John Paul II atabwera ku Blantyre mu Meyi 1989, ali munthu wamphamvu, woyenda mwachangu, mawu ake omveka patali. Papa yemweyo ndi amene anakhazikitsa mu 1992 tsiku lokumbukira odwala, la pa 11 Febuluwale, ndipo pa zaka zake zomaliza dziko linamuona akunjenjemera ndi matenda a Parkinson, akulephera ngakhale kuyankhula, osabisala. Pa tsiku la odwala limenelo chaka chilichonse ansembe athu amadzoza odwala m'maparishi. Sindinaonepo tikuwafunsa iwowo ngati ali bwino.

Tsono gadiyani wa bambo mfumu anali ndani? Anali mchemwali wawo, mayi wachikulire amene anasiya munda ndi zidzukulu kumudzi n'kubwera kudzagona pansi pambali pa bedi. Banja limene linapereka mwana wawo kwa ife ali mnyamata wamphamvu ndi lomwe linadzamulandira atafooka. Ndinachita manyazi m'malo mwa parishi yonse. Si kuti anthu sankapita kukawazonda. Ankapita, mwinanso mopitirira. Magulu ankafika motsatizana, ndi nyimbo ndi mapemphero aatali, aliyense akufuna kuti bambo amuone kuti anabwera. Ena anafika mpaka popempha madalitso, ena kufunsa za tsiku la ukwati wawo, wodwala ali ndi diripi pamkono. Mpaka anamwino anachita kuletsa. Kuzonda tinkakudziwa, koma kudikirira ayi.

Amene anakonza zinthu anali amayi ochepa, mwakachetechete. Anapita kwa mchemwali uja n'kumufunsa kuti, "Mayi, tikuthandizeni chiyani?" Anagawana masiku. Wina ankabweretsa chakudya chophikidwa monga adokotala ananenera, chopanda mchere wambiri ndi mafuta. Wina ankatenga zochapa. Wina ankakhala pakhomo n'kumabweza alendo mwaulemu. Abambo awiri ankasinthana usiku pa zimene mchemwali sakanatha kuchitira mlongo wake, monga kuwasambitsa, kuti mayi uja apezeko tulo. Ansembe anzawo nawo ankabwera, ndipo ndinamva kuti mmodzi mwa iwo anawadzoza mafuta a odwala, munthu amene anadzoza ambirimbiri akulandira yekha ali chigonere. Amayi aja sanalengezedwe m'tchalitchi. Kwa ine, ntchito yawo ndiyo inali ulaliki waukulu wa chaka chimenecho.

Bambo mfumu anabwerera ataonda, akuyenda pang'onopang'ono, ali ndi malamulo a adokotala: kupuma masana, kuchepetsa maulendo, kusadumpha mankhwala. Maulaliki awo anafupika. Ena amati mphamvu zatha, koma ine ndimaona kuti mawu awo analemera. Akamalankhula za odwala tsopano amalankhula ngati munthu amene anadikirapo kuti wina amutembenuze pa bedi. Pa Misa yoyamba anathokoza mchemwali wawo pamaso pa onse, ndipo anapempha kuti ntchito zimene akhristu anazigwira iwo kulibe asazibweze.

Pempho limenelo ndi limene likutivuta mpaka lero. Khonsolo inagwirizana kuti opempha thandizo azidzera ku komiti ya zachifundo, kuti mikangano ya mabungwe izithera kwa atsogoleri awo, kuti Lolemba pakhomo la ansembe pasamafike munthu pokhapokha ngati wina ali kayakaya. Malimana anauzidwanso kuti azipereka maina a odwala ndi okalamba msanga, kuti azidzozedwa akadali ndi mphamvu zolankhula, m'malo modikira usiku womaliza. Zina zikuyenda. Zina zikubwerera mwakale, chifukwa munthu akabwezedwa pa geti amati bambo ayamba kunyada, ndipo bambo nawo mtima wawo sulola kuona munthu akubwerera. Ndawaonapo Lolemba lina ataima pa geti pomwepo, akumvetsera mayi wina amene mlonda anali atamubweza kale.

Palinso ganizo lakuti parishi izipatula kandalama mwezi ndi mwezi ka umoyo wa ansembe ake, kuphatikizapo akatekisiti amene akalamba pa ntchito popanda penshoni. Ena akuti tiyambe tamaliza holo, popeza holo idzabweretsa ndalama za maukwati. Ena akuti imeneyo ndi ntchito ya ku likulu la dayosizi, osati yathu. Nkhaniyi ibweranso pa msonkhano wotsatira wa khonsolo, ndipo limana lathu latuma nthumwi zake kuti zikaime kumbali ya thumba la chipatala, ngakhale holo ichedwe ndi chaka china.